ZOKOMETSERA MTENGO WA KRISIMASI: KAPANGIDWE NDI TANTHAUZO LAKE

Phunziro la Adventi kwa akatekisiti ndi mabanja achikristu

Nyengo ya Adventi ikafika, m'masitolo a m'tauni mumadzaza mitengo yapulasitiki, timipira tonyezimira ndi zingwe za timagetsi tamitundumitundu. Ana amaima pakhomo la sitolo nayang'anitsitsa, ndipo pofika kwawo amafunsa makolo chifukwa chake m'nyumba mwawo mulibe zotere. Funsoli limalasa mtima, pakuti Disembala ndiwo mwezi umene nkhokwe yatsika, feteleza akufunika kumunda, ndipo za sukulu zikudikira mu Januwale. Makolo ena amatenga ngongole poopa kuti ana angachite manyazi. Ena amangokalipa, nati za mtengo n'za anthu olemera. Onsewa aphonya, chifukwa sadziwa kumene mwambowu udachokera. Zokometsera zoyamba za mtengo wa Krisimasi sizidagulidwe m'sitolo ayi. Zidapangidwa ndi manja, kuchokera ku zinthu za m'munda ndi za kukhitchini, ndipo chilichonse chinali ndi chiphunzitso chake. Banja limene lizipanga lokha silitsalira m'mbuyo; ndilo limene lasunga mwambo weniweni.

1. MTENGO WA M'EDENI NDI MTENGO WA PA KALVARIO

Buku la Genesis (2:9) likusimba kuti pakati pa munda wa Edeni panali mtengo wa moyo, ndiponso mtengo wodziwitsa zabwino ndi zoipa. Adamu ndi Eva adadya chipatso choletsedwa, ndipo chifukwa cha kusamvera kwawo njira ya ku mtengo wa moyo idatsekedwa (3:24). Njirayo adaitsekulanso ndi Ambuye Yesu pamene adafera anthu onse pa mtengo wa mtanda. Tsono kubadwa kwake ku Betelehemu ndiko chiyambi cha ulendo wochokera ku mtengo woyambawo kunka ku wachiwiri.

Eklezia amautanthauzira chomwecho mtengo wa Krisimasi. M'buku la malangizo a mapemphero a anthu wamba, limene lidalembedwa ku Roma m'chaka cha 2001, muli mawu akuti mtengowu ukumbutsa mtengo wa m'Edeni ndi mtengo wa mtanda, ndi kuti kuuimika kumapatsa banja mpata wopempherera pamodzi. Komabe suli lamulo la Eklezia. Nyumba yopanda mtengo siyichimwa, ndipo mtengo sungalowe m'malo mwa Misa kapena mwa khola la Mwana Yesu.

2. KUMENE MWAMBOWU UDACHOKERA

Zaka mazana angapo zapitazo, m'mayiko olankhula Chijeremani, tsiku la 24 Disembala linali tsiku lokumbukira Adamu ndi Eva. Popeza anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, Akristu ankaphunzitsana ndi masewero. Pa sewero la m'Paradaiso ankaimika mtengo wobiriwira, wa mtundu wosayoyola masamba ngakhale m'nyengo ya chisanu, napachikapo maapulo ofiira. Malembo Oyera satchula dzina la chipatso choletsedwa chija. Koma m'Chilatini liwu lakuti malum limatanthauza choipa, ndipo liwu lina lolembedwa chimodzimodzi limatanthauza apulo. Ichi chidathandiza kuti anthu a ku Ulaya azolowere kujambula apulo m'dzanja la Eva.

Pambuyo pake mtengowo udalowa m'nyumba za anthu, makamaka m'chigawo cha Alsace, chimene lero chili m'dziko la France. M'buku la ndalama la mzinda wa Sélestat, la chaka cha 1521, mudalembedwa malipiro a alonda a nkhalango amene ankalondera mitengo kuyambira pa tsiku la Tomasi Woyera, limene pa nthawiyo linali 21 Disembala. Ndiye kuti ngakhale kalelo odula mitengo anali ambiri, kotero kuti padafunika owaletsa. M'chaka cha 1605 munthu wina adalemba zimene adaona ku Strasbourg: mitengo yoimikidwa m'zipinda, yopachikidwa maluwa odulidwa pa mapepala amitundumitundu, maapulo, timikate toyera topyapyala, tizidutswa tonyezimira ngati golide ndi zotsekemera za shuga.

Timipira tagalasi tidabwera mochedwa, chapakati pa zaka za m'ma 1800, kuchokera kwa amisiri a galasi a ku Lauscha m'dziko la Germany. Anthu a ku Goetzenbruck, m'chigawo cha Lorraine, amasimba kuti m'chaka cha 1858 chilala chidasowetsa maapulo, ndipo mmisiri wina wa kumeneko adaumba timipira tagalasi kuti tilowe m'malo mwa zipatsozo. Chotero kampira konyezimira ka m'sitolo ndi chithunzi chabe cha chipatso cha m'munda.

M'chaka cha 1848 nyuzipepala ya Illustrated London News idasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert ndi ana awo atazungulira mtengo ku Windsor, ndipo mwambowu udafala msanga pakati pa olankhula Chingerezi. Akatolika ambiri adachedwa kuulandira, popeza ankakonda khola, limene lidatchuka kuyambira pamene Fransisko Woyera wa ku Assisi adakonza chodyera cha ziweto ku Greccio m'chaka cha 1223. Koma m'chaka cha 1982 Papa Yohane Paulo Wachiwiri adayambitsa mwambo woimika mtengo waukulu pamodzi ndi khola pa bwalo la Petulo Woyera ku Roma.

3. KUSANKHA MTENGO

Mkristu asadule mtengo wamoyo kuti ukongoletse nyumba masabata awiri kenaka n'kukhala nkhuni. Dziko la Malawi ladziwa kale kuwawa kwa nkhwangwa: mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko m'chaka cha 1984, watsala pang'ono kutheratu m'nkhalango zake zachibadwa. Njira zabwino zilipo ziwiri. Yoyamba ndiyo kutenga mbande yokulirapo, ya paini, ya mango kapena ya mtengo wina uliwonse, yobzalidwa m'ndowa yakale. Chikondwerero chikatha ikabzalidwe pabwalo, pakuti nthawi yake ndi ya mvula. Yachiwiri ndiyo kutola nthambi youma ya mphanda zambiri ndi kuizika mu mphika wa mchenga ndi miyala kuti isagwe. Nthambi youma siyochititsa manyazi, ndipo tanthauzo lake lioneka m'ndime yachisanu.

4. ZOPACHIKA ZISANU NDI CHIMODZI

Zipangizo zonse zili pakhomo: makoko a chimanga a m'nkhokwe, udzu wotsala pofolera, mlaza, luzi kapena khonje, thonje, dongo, mapepala akale, ulusi ndi singano. Chomatira chipangidwe motere: supuni imodzi yaikulu ya ufa wa chinangwa isungunulidwe m'kapu ya madzi ozizira, itereke pamoto pang'ono, munthu akutakasa kufikira italimba ngati phala la mwana. Ikazizira yakonzeka.

Chipatso. Zipatso za mateme zili ndi chigoba cholimba, chozungulira bwino. Wamkulu aboole kachibowo, akombe zam'kati, ayanike chigobacho. Chikauma chipakidwe dothi lofiira la katondo losakaniza ndi chomatira. Popachika, amange ulusi pakati pa kamtengo kakafupi, akalowetse m'bowo choimirira. Ulusi ukakokedwa kamtengoko kadzapingasa m'kati ndipo sikadzatuluka. Kumene kulibe mateme, mapepala akale aunjidwe ngati mpira ndi kumatidwa. Mango ndi masuku enieni apachikidwe pa tsiku la chikondwerero lokha, chifukwa akakhalitsa aitana nyerere ndi ntchentche. Chipatso chofiira chikumbutsa tchimo la Adamu ndi Eva. Mwana akafunsa chifukwa chake chinthu chokumbutsa tchimo chili pa mtengo wachimwemwe, kholo liyankhe kuti munthu wosadziwa kuti adwala sakondwera ndi kufika kwa sing'anga.

Mkate. Timikate toyera tija ta ku Alsace tinali tofanana ndi hostia, koma tinali tosadalitsidwa. Pambuyo pake m'malo mwake mudalowa mabisiketi. Masiku ano hostia isapachikidwe pa mtengo, ingakhale yosadalitsidwa, kuti ana angasokonezeke. M'malo mwake aumbe dongo lopyapyala, alidule ndi kukamwa kwa kapu, alembepo mtanda ndi kachitsotso, aboole pamwamba lisanaume, ndipo likauma alipake njereza. Katoni yomatidwa pepala loyera ichitanso chimodzimodzi. Ena amaumba ufa watirigu wosakaniza ndi mchere, koma m'dzinja mchere umakoka chinyezi ndipo zoumbazo zimafewa. Dzina lakuti Betelehemu m'Chihebri litanthauza nyumba ya mkate, ndipo pa mutu 6 wa Yohane Ambuye akuphunzitsa kuti mkate wopatsa moyo ndi Iwo omwe. Chotero mkate upachikidwe pafupi ndi chipatso: chakudya chimene chidabweretsa imfa, ndi chakudya chimene chibwezera moyo. Pa ziwirizi pagona phunziro lonse la mtengowu.

Nyenyezi. Nyenyezi za mapesi atirigu ndi luso lakale la alimi a ku Ulaya, amene ankakumbukira nazo udzu wa m'khola. Kuno udzu wofolera kapena mlaza ugwira ntchito yomweyo. Udzu wouma wowongoka uvikidwe m'madzi ofunda theka la ola kuti usathyoke, uphwanthidwe ndi msana wa supuni, udulidwe tizidutswa tinayi totalika ngati chala chapakati. Tiwiri tipingasitsidwe ngati mtanda. Tiwiri tinato tipangenso mtanda, usanjikidwe pa woyambawo mopendeka, kuti nsonga zikhale zisanu ndi zitatu. Chala chachikulu chipsinje pakati, ndipo ulusi uzungulire, kudutsa pamwamba pa nsonga za mtanda wapamwamba ndi pansi pa nsonga za mtanda wapansi. Ukazungulira kawiri umangidwe mfundo. Nyenyezi yaikulu ikhale pansonga pa mtengo, pokumbukira imene idatsogolera anzeru a kum'mawa (Mateyo 2:1-12), amene anali oyamba mwa anthu a mitundu ina kudzapembedza Mwana.

Mngelo. Makoko a chimanga avikidwe m'madzi kufikira afewe. Khoko lalikulu lipindidwe pakati litakuta kampira ka thonje, ndipo limangidwe ndi luzi pansi pa thonjelo: umenewo ndi mutu. Khoko lina likulungidwe ngati kandodo, limangidwe kunsonga zonse ziwiri, lilowetsedwe chopingasa pansi pa khosi: amenewo ndi manja. Pansi pa manja pamangidwenso, ndipo chotsalacho chitambasulidwe ngati mkanjo. Khoko lachitatu lifinyidwe pakati ndi kumangidwa kumsana kuti likhale mapiko. Angelo adalengeza kubadwa kwa Mpulumutsi osati kwa Herode kapena kwa akulu a ku Yerusalemu, koma kwa abusa ogona kubusa (Luka 2:8-14). Mngelo wa makoko sakhala mlendo m'nyumba ya mlimi.

Unyolo. Mapepala adulidwe mizere, m'lifupi mwake ngati zala ziwiri, m'litali ngati chikhatho. Mzere woyamba umatidwe ngati mphete, wachiwiri upisidwe mu woyambawo usanamatidwe, choncho mpaka unyolo utalike. Mateyo akuyamba Mthenga Wabwino ndi mndandanda wa makolo a Yesu kuyambira kwa Abrahamu (1:1-17), ndipo m'menemo muli oyera ndi ochimwa, mafumu ndi alendo. Pa mphete iliyonse palembedwe dzina: a m'banjamo, agogo amene adatsogola, mbale amene akugwira ntchito ku Johannesburg ndipo sabwera chaka chino, mnansi amene adwala. Ndipo ngati pali munthu amene banja lidakangana naye, dzina lake lisasowe, pakuti unyolo wosowa mphete imodzi ndi woduka. Mphete imeneyo ndiyo yovuta kumata kuposa zonse, koma ndiyo ikonzera munthu njira ya ku Sakramenti la Kulapa Krisimasi isanafike.

Kuwala. Kale ankayatsa makandulo pa nthambi, pokumbukira kuti Kristu ndiye kuwala kounikira anthu onse (Yohane 8:12). Koma makandulo pa mtengo adatentha nyumba zambiri. Pakati pa makoko ouma, mapepala ndi denga laudzu, moto usayandikire konse. Mapepala onyezimira a m'mapaketi akale adulidwe ngati timadontho kapena timaluwa. Adzanyezimira ndi nyale yoikidwa patali. Amene ali ndi timagetsi ta batire kapena ta dzuwa atigwiritse ntchito. Zivindikiro za zitini zisapatsidwe kwa ana chifukwa zimacheka, ndipo mikanda ndi njere zing'onozing'ono zikhale kutali ndi makanda amene amaika chilichonse m'kamwa.

5. MTENGO WA YESE: NTCHITO YA KATEKISITI

Pali mtengo wina woyenera nyengo ya Adventi, umene katekisiti angakonze m'tchalitchi cha kumudzi kapena pa mphakati. Mneneri Yesaya (11:1) adafanizira banja la Yese, bambo wa mfumu Davide, ndi chitsa chimene chidzatulutsa mphukira. Pa nthawi imene banja lachifumulo lidatha mphamvu, anthu ankaliona ngati mtengo wodulidwa. Koma pa chitsa chimenecho ndipo padaphuka Kristu. Amisiri akale adajambula fanizoli pa mawindo a matchalitchi, ndipo lotchuka ndi la ku Chartres m'dziko la France, la cha m'ma 1150. Mlimi aliyense amadziwa fanizoli bwino, pakuti m'munda mwake chitsa chimene ankachiyesa chakufa chimaphukira mvula yoyamba ikagwa.

Katekisiti aimike nthambi youma pa Lamulungu loyamba la Adventi. Pa msonkhano uliwonse asimbe nkhani imodzi kapena ziwiri za m'Malembo Oyera, ndipo ana apange chizindikiro chake nachipachike, kuyambira nthambi zapansi kukwera m'mwamba: chipatso cha Adamu ndi Eva, chombo cha Nowa, chosemedwa pa phesi la chimanga, nkhosa ya Abrahamu, ya dongo ndi thonje, makwerero a Yakobe, a timitengo, mkanjo wa Yosefe, wa kansalu kakale, miyala iwiri ya Mose, kamtolo ka ngala ka Rute, chisoti chaufumu cha Davide, chikho cha madzi cha Yohane Mbatizi, kasemasema wa Yosefe Woyera, duwa loyera la Maria Virgo Woyera. Lamulo likhale lakuti mwana asapachike chinthu chimene sangathe kuchifotokoza. Pofika pa 24 Disembala nthambi youma ija idzakhala itavala, ndipo ana adzakhala atayenda mbiri yonse ya chipulumutso ndi zala zawo. M'mera mpoyamba: chimene mwana waumba yekha sachiiwala msanga.

6. NTHAWI NDI MAKHALIDWE OYENERA

Adventi ndi nyengo yodikira. Chotero masabata ake akhale opangira zokometsera, madzulo anthu ataweruka kumunda, koma mtengo wa Krisimasi uvekedwe pa 24 Disembala monga ankachitira akale, kapena masiku owerengeka chikondwerero chisanafike. Ntchito igawidwe: bambo aboole ndi kusema, mayi aphike chomatira, agogo aluke mlaza, ana amate ndi kupaka. Mngelo wokhota khosi wa mwana wamng'ono apachikidwe poonekera, wamkulu asamukonzenso, pakuti mtengo suli mpikisano.

Khola liikidwe pansi pa mtengo kapena pambali pake, chifukwa ndilo mwini nkhani. Mtengo ungolozera kwa Mwana wogonekedwa m'chodyera cha ziweto (Luka 2:7). Usiku wa Krisimasi banja lisanapite ku Misa, mkulu wa pakhomo awerenge Luka 2:1-20, mayina a pa unyolo atchulidwe limodzi limodzi, ndipo onse apemphere. Ndi bwino kuti banja lipange zokometsera zoposa zimene lifuna, kuti zina zikaperekedwe kwa nkhalamba yokhala yokha kapena kwa wodwala, pamodzi ndi mbale ya ufa. Kupatsa n'kuika. Nyengo ya Krisimasi ikatha, pa chikondwerero cha Ubatizo wa Ambuye mu Januwale, zokometsera zisungidwe m'chitini chotseka bwino, popeza mbewa ndi mphemvu zimakonda chomatira cha chinangwa, ndipo mbande ikabzalidwe.

Phunziroli silikunyoza amene adagula zokometsera m'sitolo. Amene ali nazo azigwiritse ntchito, malinga afotokozere ana tanthauzo lake. Koma akale adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mtengo wonyezimira umene wasiya ngongole ndi mkangano m'nyumba sulemekeza Mwana amene adasankha kubadwira m'khola. Kholo limene mwana wake afunsa chifukwa chake kwawo kulibe za m'sitolo lisakalipe ndiponso lisachite manyazi. Litenge makoko a chimanga ndi ulusi, limukhazike mwanayo pamphasa, liyambe kusimba za Adamu ndi Eva.

MAFUNSO OBWEREZA

1. Kodi mtengo wa Krisimasi ukumbutsa mitengo iwiri iti?

2. Tsiku la 24 Disembala linali lokumbukira yani, ndipo chifukwa chiyani likuyenerana ndi usiku wa kubadwa kwa Ambuye?

3. Chifukwa ninji chipatso ndi mkate zipachikidwa moyandikana?

4. Kodi mneneri Yesaya ankatanthauza chiyani ndi chitsa cha Yese?

5. Ndi dzina la yani limene liyenera kulembedwa pa unyolo ngakhale mtima ukukana?